Mayi Zikhomo ndi Malo a Abakha

Dzina loti Mayi Zikhomo anawapatsa ndi makondakitala a minibasi. Mayiwa akakwera galimoto ankakhala ndi thumba lachiguduli lodzaza zikhomo zachitsulo, ndipo aliyense wokhala nawo mpando umodzi ankatsika akusisita nthiti. Poyamba dzinalo linkawapsetsa mtima. Ataona kuti ngakhale akumaofesi ayamba kuwaitana choncho, anangolilandira, mpaka poyankha foni ankayamba okha kuti, "Ndine Mayi Zikhomo, ndikuthandizeni?"

Ntchito yawo inali yosaka malo. Kunja kwa tauni kuli malo ambiri ongokhala, eni ake akufuna kugulitsa koma sadziwa khomo loti agogode. M'tauni namo muli makampani omanga nyumba zogulitsa, amene mabwana ake safuna kuti nsapato zawo zione fumbi. Pakati pa anthu awiriwa m'pamene pankayenda Mayi Zikhomo. Ankapeza malo, kupeza mwini wake weniweni, kuona zikalata, kuyeza ndi tepi, kukhoma zikhomo m'makona, kujambula zithunzi, kenako kudzaza fomu n'kukaipereka kukampani. Kampani ikagula malowo, iwo ankalandira kawo.

Ntchitoyi anaiphunzira kwa malemu amuna awo, amene moyo wawo wonse ankagwirira anthu oyeza malo nsonga ya tepi. Bambowo anamwalira mwana wawo mmodzi yekhayo ali sitandade fayifi, ndipo chimene anasiya ndi tepi, hamala ndi nsapato zachikopa zazikulu. Mayi Zikhomo anaika mapepala kutsogolo kwa nsapatozo n'kuyamba kuyenda. Anayenda zaka makumi awiri. Mwana uja anakula ndi miyendo ya amayi ake mpaka anakhala namwino pachipatala chachikulu, ndipo mayiwo sankamutchulanso dzina, ankangoti "Nesi wanga", makamaka pakakhala anthu omva.

Dothi ankalidziwa zedi. Ankangoliponda n'kukuuza ngati pansi pali mwala kapena mchenga. Ichi chikumbukiridwe, chifukwa pa zimene zinachitikazi palibe angawaikire kumbuyo kuti sankadziwa.

Anthu a ntchito imeneyi ali ndi kalamulo kawo kosalembedwa paliponse: pafomu ulembe zimene waona ndi maso ako tsiku limene wapitako. Zimene wamva, zimene ukuganizira, zimene zidzachitike miyezi inayi ikubwerayo, si zako. Ndipo onse amasaka malo m'chilimwe, poti ndi nthawi imene makampani amagula, udzu utapsa, nthaka ili gwa, chithunzi chikutuluka chokongola. Ine ndimati limeneli ndi bodza lovala jekete, koma eni ake amati ndi mmene ntchito imayendera.

Chaka chimenecho zinthu zinawavuta Mayi Zikhomo. Kampani imene ankaperekako malo inali itawabwezera mafomu asanu motsatizana. Mkulu wogula malo pakampanipo, amene aliyense ankamutcha Bwana Chidindo, anali atawauza akumwetulira kuti masiku ano kwabwera anthu a njinga zamoto amene amazungulira tauni yonse tsiku limodzi. Mayiwo anamva chimene ankatanthauza. Anatuluka mu ofesimo ali ndi mantha oti miyendo yawo yatha ntchito.

Ndiye anamva za bambo wina wokalamba, woweta abakha, amene ankafuna kugulitsa malo ake n'kukakhala kwa mwana wake. Malowo anali aakulu, oti n'kumangapo nyumba makumi anayi, pafupi ndi msewu, zikalata zonse zili bwinobwino. Kumtunda dothi linali lofiira, lolimba, lokondweretsa mtima wa mmisiri aliyense. Koma atatsetsereka ndi tepi yawo, dothi linayamba kuda. Kumunsi kwenikweni linali makande okhaokha, ming'alu yake yoti n'kulowa dzanja. Panali zitsa za mabango otenthedwa, zigoba za nkhono zili mbwee, ndi mitengo isanu yobiriwira ngati kuti chilimwe sichiikhudza.

"Apa ndiye pamtendere pa abakha angawa," anatero mkulu uja, atawatsatira ndi ndodo yake. "Mvula ikagwa masiku awiri osakata, sindiwaonanso pakhomo. Amadzasambira kuno. Chaka china madzi anafika pa nthambi iyo."

Nthambi imene analoza inali yofika pachifuwa pa munthu wamkulu. Mayi Zikhomo anaiyang'ana, kenako anayang'ana kumtunda kumene kunali dothi lofiira lija.

"Agogo," anatero motsitsa mawu, "akabwera agalimoto, inu muzidzakamba za malire basi. Za abakhazi muzisunge."

Zithunzi anajambula ataima kumunsi, atafulatira mabango, kamera italoza kumtunda. Pafomu panali mafunso makumi awiri, ndipo lachisanu ndi chinayi linali lakuti: kodi pamalopa pamadikha madzi? Panali timabokosi tiwiri, Inde ndi Ayi. Tsiku limenelo pamalopo panalibe madzi ngakhale oti n'kunyowetsa chala. Anachonga Ayi, n'kusayina dzina lawo pansi.

Tsiku lodzaona malo, anatsogolera galimoto ya kampani kudzera msewu wakumtunda. Injiniya amene anabwera anali atavala nsapato zoyera, ndipo dzuwa linali loswa mtengo. Anakumbitsa maenje awiri pafupi ndi pamene galimoto inaima, anafikisa dothi lofiira m'manja, n'kugwedeza mutu kuti lili bwino. Kumunsi anangokuyang'ana ataphimba maso ndi fayilo. Sabata isanathe Bwana Chidindo anali atadinda.

Mayi Zikhomo anadziuza kuti kukampani kuli anthu ophunzira, akayamba kumanga adzaona okha, adzakumba ngalande zikuluzikulu. Koma zaka ziwiri zotsatira mvula inavuta dziko lonse, inkangowaza n'kusiya, moti kumunsi kuja sikunadikhe madzi ndi tsiku limodzi lomwe. Makatapila anazula mabango, anathira dothi lofiira pamwamba pa makande, nyumba zinamera m'mizere. Dzina la mayiwo linakweranso kukampani. Akamacheza ndi mwana wawo ankadzitama nawo malowo, koma minibasi yodutsa kumeneko anasiya kukwera.

Lamlungu lina masana Nesi anabwera kudzawaona pamodzi ndi mwamuna wake, mphunzitsi wofatsa wosachedwa kuchita manyazi. Nesi anali woyembekezera, miyezi isanu ndi iwiri. Atangomwa tiyi pang'ono anaika kapu pansi.

"Amayi, tsinzinani."

"Iwe, ndine mwana ine?"

"Tsinzinani basi, mutambasule dzanja."

M'dzanja mwawo munagwa makiyi atatu omangidwa pakawaya, pali kapepala kolembedwa nambala 38.

"Tapeza nyumba, Amayi. Yathuyathu. Ndipo simungakhulupirire kumene ili. Kumalo anu aja! Amene mumanena kuti munawapeza ndi miyendo yanu aja."

Mayi Zikhomo anayang'anitsitsa kapepala kaja. Anafunsa ndi mawu amene iwo eni sanawazindikire: "Mbali iti?"

"Kumunsi kwenikweni, mumzere womalizira. Kuli mitengo yobiriwira, kamphepo kayaziyazi, phokoso la msewu silifikako. Mwana azidzagona bwino."

"Ine ndinkati tifunse kaye anthu odziwa za malo, apongozi," anatero mphunzitsi uja akuseka, "koma mwana wanuyu anandikalipira. Akuti wodziwa malo kuposa amayi anga ndani? Pamene anaponda amayi sipafunika kufunsa."

Apa m'pamene panali ponenera. Mawu ake anali ochepa, oti mwana wa sitandade wanu angathe kuwanena: kumeneko kumadzaza madzi. Koma Nesi anali akuwayang'ana ndi nkhope yomweija imene ankawayang'ana nayo ali wamng'ono, akamabwera madzulo fumbi lili m'miyendo. Mwana ameneyu anamulera ndi lamulo limodzi, loti m'nyumba muno tingasowe zonse koma bodza ayi. Mayi Zikhomo anaopa madzi, anaopanso maso a mwana wawo, ndipo mantha achiwiriwa ndi amene anapambana.

"Mwachita bwino," anatero. Makiyi aja anawabweza msanga ngati akutentha.

M'mawa mwake anakwera minibasi imene anaipewa zaka zitatu. Pageti la malowo panali golosale, kenako msewu watala wotsetsereka, nyumba mbali zonse, zofanana, madenga ake akuwala. Anatsika nawo msewuwo akuwerenga manambala. Kale mvula ikagwa pamenepa udzu ndi dothi zinkamwako madzi ambiri asanafike kumunsi. Tsopano panali madenga makumi anayi, mabwalo asimenti ndi tala, zonse zokankhira madzi mbali imodzi. Ngalande ya m'mbali mwa msewu inali yoti chidebe sichingalowemo. Anaitsatira mpaka kumapeto, ndipo inakathera kuseri kwa nambala 38, pampanda wanjerwa wobooledwa paipi imodzi yokula ngati ntchafu ya munthu.

Anayang'ana uku ndi uku, n'kugwada. M'munsi mwa khoma la nyumbayo penti inali itatupa timatuza, ndipo atagwirapo panali pozizira, chilimwe chili pakati. Anatulutsa chikhomo chimodzi m'thumba n'kuchikankha pansi ndi dzanja lokha, osagwiritsa hamala. Chinalowa chonse. Pochizula chinatuluka ndi matope akuda, onunkha dambo. Anakhala pasitepe ya nyumba ya mwana wawo nthawi yaitali.

Lachitatu anapita kwa Bwana Chidindo. Mu ofesimo munkazizira ndi makina, pakhoma pali mapu aakulu obayidwa timapini tamitundumitundu. Mayi Zikhomo anakhala kunsonga kwa mpando, thumba lili pamiyendo.

"Bwana, ndabwera ndi kapempho. Mwana wanga watenga nambala 38. Sizingatheke kumusinthira ina yakumtunda?"

"Zakumtunda zinatha kalekale, Mayi. Vuto n'chiyani ndi 38? Ndi nyumba yabwino, ili ndi mthunzi."

"Ndimangoona ngati kumunsi kuja... nthawi ya mvula..."

Bwanayo anasiya kumwetulira. Anadzuka, natsegula kabati, n'kutulutsa fayilo yabuluu. Anaitsegula pang'onopang'ono, naitembenuzira kwa iwo, chala chake chili pafunso lachisanu ndi chinayi.

"Kachizindikiro aka anachonga ndani?"

"Ndine, Bwana."

"Siginecha iyi?"

"Ndi yanga."

"Ife tinagula potengera pepala ili. Ngati pali zina zimene munaona koma simunalembe, nenani, ndiitane loya wathu abwere ndi cholembera. Koma mudziwiretu kuti kumene kuja kuli mabanja makumi anayi, ndipo onse adzafuna kudziwa dzina la munthu amene anasayina. Woyamba kulimva adzakhala wa nambala 38."

Mayi Zikhomo anaona kuti bwanayo sanafunse kuti madziwo amafika pati, kapena amabwera liti. Munthu amene akumva nkhani koyamba amafunsa. Uyu anangotseka fayilo mofulumira, ndipo mayiwo anazindikira kuti mu ofesimo amantha analipo awiri.

"Ayi, Bwana, ndimangofunsa," anatero.

"Chabwino. Tengani mafomu atsopano kwa sekilitale potuluka. Tikufuna malo ena chakum'mawa."

Mafomuwo anatengadi. Ndikanakonda kunena kuti anawang'amba pakhomo pomwepo, koma anawapinda bwinobwino n'kuwaika m'thumba.

Nesi anabereka mwana wamkazi, ndipo pochoka kuchipatala analowera m'nyumba yatsopanoyo. Kuyambira pamenepo Mayi Zikhomo anayamba kuchita chilichonse chimene munthu angachite kupatula kunena zoona. Anabweretsa njerwa zisanu ndi zitatu n'kukweza bedi, ati kuopa nyerere. Zikalata za banjalo anaziika pamwamba pa kabati, ati kuopa makoswe. Anapempha kuti Nesi ndi khandalo akakhale kwawo mpaka mvula ithe, kuti aziwathandiza kulera.

"Amayi, kanyumba kanu kodontha kaja? Ndisiye nyumba yamatailosi ndikatchere mabeseni? Inuyo ndi amene mubwere kuno."

M'mawa uliwonse asanapite kosaka malo ankafika ndi khasu n'kuyamba kuchotsa zinyalala m'ngalande, kuyambira pageti mpaka papaipi ija. Anthu oyandikana nawo ankayesa kuti ndi wantchito wa kampani, ndipo mayi wina anawadandaulira za mpopi wake wosatuluka madzi. Wailesi sankaitseka nthawi ya zanyengo. Kamtambo kakangodutsa, chakudya chinkawakanika. Anaonda mpaka siketi inayamba kuzungulira m'chiuno, Nesi n'kuwakakamiza kukayezetsa shuga. Anakayezetsa, anapezeka kuti alibe.

Tsiku lina anachoka kwawo atatsimikiza mtima kuti lero anena. Anapeza Nesi akusintha mwana thewera pabedi lokwezedwa lija. Anakhala pambali n'kuyamba kuti, "Mwanawe, pali kankhani."

"Dikirani ndikuuzeni yanga kaye," anatero Nesi. "Dzulo kunabwera anzanga akuntchito kudzaona mwana. Onse akuti nyumbayi taipeza bwanji. Ndinawauza kuti amayi anga sanapite patali ndi sukulu, koma mainjiniya amayenda pambuyo pawo. Ndinati mwana wangayu akadzakula adzatengere agogo ake. Eya, kankhani kanu kaja?"

"Ndaiwala," anatero Mayi Zikhomo. Anatenga thewera lakudalo n'kupita nalo kubafa, ndipo anakhalitsako.

Mvula yoyamba inagwa yabwinobwino, nthaka inamwa. Yachiwiri chimodzimodzi. Mayiwo anayamba kudzinamiza kuti mwina mkulu wa abakha uja ankakokomeza, poti okalamba amakonda kukuza zinthu zakale. Kenako kunabwera mvula ya mvumbi, yosakata, Lolemba lonse ndi Lachiwiri lonse. Lachitatu m'mawa inaleka pang'ono. Anapita kukachotsa zinyalala papaipi, napeza pansi ponse pakunyira madzi akaponda, koma pabwalo pa Nesi panali pasanadikhe. Anapuma, n'kupita kutsidya lina la tauni kumene mwini malo wina ankawadikira.

Nthawi itangopitirira twelofu, ali pakati poyeza, anamva mphepo yozizira pakhosi. Anatembenuka. Mbali ya kwa Nesi kumwamba kunali kutada bii, mtambo utatsika mpaka pamadenga, mphezi zikung'anima mkati mwake. Iwo ankadziwa zimene dothi lokhuta limachita ndi mvula yotere. Silimwanso ngakhale dontho, limangopereka onse kumunsi. Anasiya tepi ili chitambasukire pansi, thumba la zikhomo pomwepo, n'kutulutsa foni.

"Nesi, uli kuti?"

"Ndili m'nyumba, Amayi. Kwayamba chimvula kuno."

"Apongozi alipo?"

"Ali kusukulu. Bwanji?"

"Tenga mwana upite kumtunda. Ukakhale pagolosale ya pageti. Pompano."

"Chifukwa?"

"Ndangoti pita!"

"Amayi, mwana wangogona kumene, wandivutitsa m'mawa wonse. Nditulutse khanda la miyezi iwiri pamvula popanda chifukwa? Chachitika n'chiyani?"

Chifukwacho chinali pakamwa pawo. Namwino akauzidwa chifukwa sachedwa, amanyamuka. Mayi Zikhomo anatsegula pakamwa, mvula itayamba kuwamenya kumaso, ndipo chimene chinatuluka n'chakuti, "Ndalota zoipa."

Nesi anaseka. "Amayi inu ndi maloto. Bisalani penapake musanyowe. Ndikuimbirani akadzuka." Foni inaduka. Ataimbanso sinalowe.

Anathamanga. Mayi wazaka makumi asanu ndi zisanu ndi chimodzi, nsapato zachimuna, akuthamanga m'mphepete mwa msewu akukweza manja kwa galimoto iliyonse. Minibasi imene inawatenga inkayenda ngati ikupita kumaliro, ndipo pamlatho wina inaimiratu, magalimoto atathithikana. Anatsika n'kuyamba wapansi. Njira yonse ankalankhula yekha mokweza, kupempha Mulungu, kupempha malemu amuna awo, kulonjeza kuti akangowapeza amoyo anena zonse. Anthu obisala m'makonde ankawayang'ana ngati wamisala.

Atafika pageti anapeza msewu watala uja kulibe. Panali mtsinje wofiira, wothamanga, utanyamula mabini, nsapato ndi mpando wapulasitiki. Pakhonde la golosale panadzaza anthu, ena atanyamula mawailesi akanema okutidwa m'mabulangete. Anayang'ana nkhope imodziimodzi. Nesi panalibe.

"Wa 38 watuluka? Mayi wakhanda uja watuluka?"

Palibe anamuona. Bambo wina wamakaniko, wa nyumba yachitatu, anawagwira mkono.

"Mayi, kumunsi uko sikopita. Madzi akubwerera pampanda, paipi yatsekeka."

"Kuli mwana wanga ndi mdzukulu wanga!"

Anadzipulumutsa n'kulowa m'madzimo, akugwira mipanda ya nyumba. Madzi anali ozizira moti mafupa anawawa. Panambala 20 anali m'mawondo. Panambala 30 anafika m'chiuno, ndipo nsapato imodzi inatsalira m'matope. Atatembenuka anaona makaniko uja akubwera pambuyo ndi mnzake, atanyamula chingwe ndi chitsulo chochotsera matayala. Kumunsi madzi sankathamanganso. Ankangozungulira pang'onopang'ono, akukwera, ndipo zimenezi zinawaopsa kuposa mkokomo wakumtunda.

Pa 38 madzi anali pachifuwa. Anagwira zitsulo za pazenera n'kusuzumira. Pabalaza panali mdima, mipando ikuyandama. Nesi anali ataimirira patebulo lodyera, madzi ali m'akakolo, mutu utagunda kudenga, khanda atalikweza paphewa. Sankakuwa. Maso okha anali atatuluka.

"Amayi! Chitseko chakana! Firiji yagwera pachitseko!"

"Usatsike! Gwira mwana! Tabwera!"

Mazenera onse anali ndi zitsulo, zimene kampani inkadzitama nazo kuti wakuba sangalowe. Amuna awiri aja analowetsa chitsulo chawo m'mbali mwa chitseko n'kuyamba kukanula. Chitseko chinali chitatupa. Mayi Zikhomo anaima pazenera akuyang'ana madzi akukwera m'miyendo ya mwana wawo, kuchoka m'akakolo kufika m'katumba. Tebulo linayamba kugwedera. Chimene chinawaopsa kwambiri n'chakuti khandalo silinkalira. Anakuwa dzina lenileni la mwana wawo, limene anali asanalitchule kwa zaka zambiri, kumuuza kuti ayang'ane iwo, asayang'ane pansi.

Mahinjesi anathyoka. Amunawo anakoka chitseko n'kuchisiya chipite ndi madzi, anakankha firiji, makaniko n'kulowa atamanga chingwe m'chiuno. Anatuluka atamugwira Nesi m'khwapa, Nesi atakweza khanda pamwamba pa mutu ndi manja awiri. Anakwera chitunda chonsecho pang'onopang'ono, mpanda ndi mpanda. Mayi Zikhomo anali pambuyo, dzanja lili pamsana pa mwana wawo, maso ali pakansalu konyowa kamene sikankagwedezeka.

Pakhonde la golosale anthu anapatuka. Nesi anagwada pasimenti, navula khandalo nsalu zonse, naika khutu pachifuwa pake, n'kuyamba kulisisita msana mwamphamvu monga amachitira kuntchito. Milomo ya mwanayo inali yotuwa. Panali zii, mvula yokha ikumveka pamalata. Kenako kamwanako kanakoka mpweya, kanakwinya nkhope, n'kulira kulira kwaukali. Amayi ena anayamba kuthokoza Mulungu mokweza. Mwini golosale, mayi wonenepa wovala epuloni, anatuluka ndi thaulo louma ndi bulangete.

Mayi Zikhomo anangokhala pansi pomwepo, phazi limodzi lopanda nsapato likutuluka magazi. Misozi inkangotsika yokha. Nesi anakulunga mwana m'thaulo, koma manja ake ankanjenjemera kwambiri moti thaulolo linkamasuka.

"Bweretsa kuno, mwanawe," anatero mayiwo, atatambasula manja. "Ndimufungatire, iwe uvale bulangete."

Nesi sanapereke. Anawayang'ana nthawi yaitali, madzi akudontha m'tsitsi.

"Amayi, pamene munaimba foni paja, madzi anali asanafike ngakhale pasitepe. Ndinasuzumira pazenera nditangodula. Panalibe chilichonse."

Anthu oyandikira anasiya kulankhula.

"Munali kutsidya kwa tauni. Ndani anakuuzani?"

"Palibe."

"Simunalote."

"Sindinalote."

"Mwadziwa liti?"

Akanatha kunena kuti anaona m'mawa womwewo pochotsa zinyalala. Bodzalo linali pafupi, ndipo likanagwira. Koma panjira anali atalonjeza, ndipo mdzukulu wawo anali akulira, wamoyo.

"Kalekale," anatero. "Asanamange. Mwini malo anandiuza, ndi maso anga ndinaona. Pafomu ndinalemba kuti madzi kulibe."

"Tsiku limene ndinakupatsani makiyi lija munkadziwa?"

"Ndinkadziwa."

Iwo ankayembekezera kukuwa, kutukwanidwa, ngakhale pama. Akanazilandira ndi manja awiri. Koma Nesi sanakweze mawu. Anangopukuta nkhope ndi phewa, naimirira, n'kutembenukira kwa mwini golosale uja, munthu amene ngakhale dzina lake sankalidziwa.

"Mayi," anatero, "tandigwirirani mwanayu, ndivale."

Mwini golosale anayang'ana agogo a mwanayo, amene manja awo anali adakali otambasula, kenako analandira khandalo n'kulowa nalo mkati. Nesi anamutsatira osacheuka.